Phunziro la Mbiri: Nkhondo ya Chiwaya ndi Amtengatenga

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse (1914 mpaka 1918) makolo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Dzinali linachokera ku mfuti yolavula zipolopolo motsatizana, imene inkathetheka ngati chimanga chokazinga m'chiwaya.

Nkhondoyi inafika kuno msanga chifukwa Nyasaland, yolamulidwa ndi Angerezi, inachita malire ndi Tanganyika, kumene kunali Ajeremani. Mu Ogasiti 1914, sitima ya Gwendolen inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli. Kuyambira pamenepo Angerezi ndiwo ankalamulira nyanja. Pa 9 Sepitembala, asilikali a King's African Rifles anabweza Ajeremani pa Karonga. Ambiri mwa asilikaliwa anali Ayao, ndipo pakati pawo panali Asilamu ochuluka.

Komatu mfuti yopanda zipolopolo ndi ndodo chabe, ndipo msilikali wanjala samenya nkhondo. Katundu ankabwera pa njanji mpaka ku Limbe ndi Blantyre, n'kupitirira ku Zomba ndi Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi, kukakwezedwa m'sitima zapamadzi. Kutsidya kwa nyanja misewu inali yosowa, ndipo ng'ombe zokoka ngolo zinkafa ndi kashembe. Choncho katundu ankayenda pamitu ya anthu otchedwa amtengatenga.

Akatswiri a mbiri amati dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Ambiri anachita kugwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu. Ankasenza katundu wolemera makilogalamu oposa 20, ndipo ochuluka anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala, osati chipolopolo. Kumudzi minda inasowa olima. M'busa John Chilembwe anadandaula za magazi a Aafirika m'kalata ya mu Novembala 1914, ndipo mu Januwale 1915 anthu ake anakathyola nkhokwe ya zida pa Mandala, muno mu Blantyre.

Mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Chipilala cha ku Zomba chili ndi mayina a asilikali. Mayina a amtengatenga ambiri anatsalira m'mabanja mokha.

Mafunso:
1. N'chifukwa chiyani kulamulira nyanja kunali kofunika kwa Angerezi?
2. Funsani agogo kapena akuluakulu a kumzikiti ngati m'banja mwawo munali mtengatenga. Lembani dzina lake, mudzi wake ndi zimene anamva za ulendo wake.