Impso Zanu ndi Madzi a M'thupi: Zoti Banja Lililonse Lidziwe

Amene munaonapo mbuzi ikutumbulidwa pa chinkhoswe kapena pa Khirisimasi mukuzidziwa impso: tinyama tiwiri tofiirira, tooneka ngati nyemba, tokutidwa ndi mafuta chakumsana. Za munthu zili chimodzimodzi. Gwirani m'chiuno ndi manja onse awiri, zala zazikulu zikhale kumbuyo, kenako kwezani manjawo mpaka zalazo zikhudze nthiti zomalizira. Pamenepo ndi pamene pali impso zanu, ina kumanja, ina kumanzere kwa fupa la msana. Iliyonse ndi yaikulu ngati chibakera chanu, ndipo imalemera pafupifupi magalamu 150.

Ambiri timangodziwa kuti impso zimapanga mkodzo. Nzoona, koma mkodzowo ndi zotsalira chabe za ntchito yaikulu. Ntchito yeniyeni ndi kuonetsetsa kuti madzi ndi mchere m'thupi zisachuluke komanso zisachepe, kaya mwamwa thobwa lodzaza chipanda, kaya mwaswera kumunda kukhosi kuli gwa.

Ndowa 9 patsiku

Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Mphindi iliyonse, lita imodzi ya magaziwo imadutsa mu impso, usana ndi usiku, osapumira. Mu impso iliyonse muli tosefera pafupifupi 1 miliyoni, tosaoneka ndi maso, timene madokotala amatitcha manefuloni. Kosefera kalikonse kali ndi kampira ka timitsempha ta magazi kumutu kwake, ndiponso kapaipi kaatali kopindikapindika.

Pa kampirapo madzi amafinyika kuchoka m'magazi, atatenga mchere, shuga ndi zoipa zosungunuka. Maselo a magazi ndi mapuloteni ndi aakulu, choncho amatsala. Madzi ofinyidwa motere amakwana malita 180 patsiku. Ziyerekezeni bwino: ndowa 9 za malita 20, zondandalikidwa pamjigo. Sikuti m'thupi muli madzi ochuluka chotero ayi. Ndi madzi omwewo amene amasefedwa mobwerezabwereza.

Nanga bwanji sitikodza ndowa zonsezo? Mayi akamasankha nyemba palichero amatola zofumbwa ndi timiyala n'kutaya, zabwino n'kutsala. Impso zimayambira kwina: zimakhuthula zonse, kenako n'kuyamba kutola zabwino. Madzi aja akamayenda m'kapaipi, shuga yense amabwezedwa m'magazi, mchere wambiri umabwezedwa, ndipo pa malita 100 alionse a madzi, 99 amabwerera m'thupi. Zotsala, lita imodzi kapena awiri patsiku, ndiwo mkodzo. Mmenemo muli yureya, amene chiwindi chimapanga tikadya nyama, nsomba kapena nyemba, muli asidi wopitirira muyeso, ndiponso zotsalira za mankhwala amene tamwa. Mkodzowo umatsika m'timapaipi tiwiri kukasungidwa m'chikhodzodzo, chimene chimanyamula pafupifupi theka la lita.

Ubongo ndi impso zimamvana

Kulemera kwa munthu wamkulu, zoposa theka ndi madzi. Kwa khanda, ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Madziwa amatuluka mosalekeza: m'thukuta, m'mpweya umene tikupuma, m'chimbudzi ndi mumkodzo. Zina zonsezo thupi silingazichepetse kwenikweni. Chimene lingathe kutsekula kapena kutseka ngati mpopi ndi mkodzo.

Taganizani za bambo amene akupanga mizere mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Chikwawa, dzuwa likuswa mtengo, malaya atanyoweratu. Madzi akamachepa m'magazi mwake, mchere umakolera, monga mmene ndiwo zimawawira mchere msuzi ukaphwera pamoto. Ubongo umazindikira msanga, ndipo umachita zinthu ziwiri. Umadzutsa ludzu, komanso umatumiza m'magazi homoni yotchedwa ADH, yokauza impso kuti, "Gwirani madzi." Impso zimamvera. Bambo uja akapita kuseri kwa chulu, mkodzo umatuluka wochepa, wachikasu chakuda, wafungo lamphamvu. Akafika kunyumba n'kumwa madzi okwanira, ADH imachepa, mpopi umatsekuka, mkodzo umachuluka n'kuyera.

Mowa umasokoneza kumvana kumeneku. Umatsekereza ADH, ndiye munthu amakodza kawirikawiri ngakhale thupi likufuna madzi. N'chifukwa chake womwa kachasu amadzuka m'mawa kukamwa kuli kouma, mutu ukuwawa.

Choncho mkodzo wanu ndi uthenga wochokera ku impso, ndipo umabwera tsiku lililonse kwaulere. Ukakhala wachikasu chotuwa ngati udzu wouma, madzi akukwana. Ukada ngati tiyi wopanda mkaka, imwani madzi. Anthu ambiri akuluakulu amafunika kumwa pafupifupi malita 2 patsiku, ndipo wolima, wopalasa kabaza, woumba njerwa, woyamwitsa ndi wodwala malungo amafunika oposa pamenepo. Akhale madzi aukhondo, owiritsa kapena othira klorini. Koma kudzikakamiza kumwa zigubu ndi zigubu poganiza kuti mukutsuka impso kulibe phindu. Ndipo amene dokotala anamuuza kale kuti impso kapena mtima wake wafooka, atsatire muyeso umene anapatsidwa, chifukwa kwa iye madzi ochuluka amadzaza m'miyendo ndi m'mapapo. Khanda losakwana miyezi 6 lisapatsidwe madzi ngakhale kutenthe bwanji. Bere la mayi lili ndi madzi okwanira, ingoliyamwitsani pafupipafupi.

Mchere ndi BP

Kumene kwapita mchere, madzi amatsatira. Mukadya mchere wambiri, thupi limasunga madzi kuti liwusungunule, magazi amachuluka m'mitsempha, ndipo BP imakwera. BP yokwera imapweteka timitsempha tanthete ta m'tosefera tija. Impso zikavulala zimalephera kutulutsa mchere, BP n'kukweranso. Ziwirizi zimangokankhana chotero kwa zaka, munthu akuyenda bwinobwino osamva kanthu.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kumene kuli pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Muyesowu ukuphatikiza mchere wonse: wothira mundiwo, wowaza pa tchipisi cha pachiwaya ndi pa kanyenya, wa m'timibulu tokometsera msuzi, ngakhale soda wa m'therere. Chizolowezi choyamba kuchisiya ndi chija chowaza mchere m'mbale musanalawe n'komwe. Lilime limadandaula masabata angapo, kenako limazolowera.

Impso zilinso ndi ntchito zina zimene ambiri sazidziwa. Zimatuma mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira a magazi, ndipo zimakonza vitamini D kuti mafupa alimbe. Ndiye chifukwa chake wodwala impso amachepa magazi n'kumangomva kutopa.

Pamene impso zimaima mwadzidzidzi

Apa ndi pamene banja lingapulumutse moyo ndi manja ake. Munthu akamatsekula m'mimba kwambiri kapena kusanza, madzi amatuluka mofulumira kuposa mmene impso zingagwirire. Magazi ofika ku impso amachepa, ndipo zikakhala choncho kwa maola ambiri, tosefera timayamba kufa. Kolera imatha kuumitsa munthu wamkulu tsiku lisanathe. Mliri wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chimene chimapha pa kolera ndi kutha kwa madzi kumeneku.

Musadikire kuti kutsekulako kusiye. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi aukhondo, muzimwetsa wodwalayo pang'onopang'ono, ngakhale ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi 10, muyambirenso. Ngati paketi palibe, thirani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi, muzimumwetsa muli pa ulendo wa kuchipatala. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Tikupempha makolo ndi agogo: muziwerenga kuti mwana wodwala wakodza kangati. Thewera likakhala louma kwa maola 6, maso atalowa, liwombo litalowa, akulira popanda misozi, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Malungo aakulu nawonso amaimitsa impso, makamaka mkodzo ukada ngati Coca-Cola. Chimodzimodzi kutaya magazi ambiri pobereka, ndi BP yokwera pa nthawi ya pakati. Mayi woyembekezera akatupa nkhope ndi manja, mutu ukuwawa, maso akuchita chidima, asagonerepo. Kuyeza BP ndi mkodzo ku sikelo cholinga chake n'chimenechi. Impso zoima mwadzidzidzi nthawi zambiri zimadzukanso munthu akathandizidwa msanga.

Zimene zimadya impso mwakachetechete

Matenda a shuga ndi BP ndiwo amatsogola pakuwononga impso pang'onopang'ono. Chomvetsa chisoni n'chakuti impso sizidandaula msanga. Munthu amatha kukhala moyo wathanzi ndi impso imodzi yokha, ndiye tosefera tambiri tingafe totsalato tikungosenza katundu yense, mwini wake osadziwa. Zizindikiro zikamaonekera, zambiri zimakhala zitawonongeka kale, ndipo tosefera takufa sitimeranso. Mankhwala a BP ndi a shuga si omwa pokhapokha mutu ukawawa. Ndi a tsiku lililonse, ngakhale mukumva bwino.

Kwa okhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ya Chilwa, mtsinje wa Shire ndi m'masikimu a mpunga, pali likodzo. Mnyamata akamakodza magazi sindiye kuti wakula, koma wadwala. Mazira a tizilomboto amasiya zipsera m'chikhodzodzo ndi m'timapaipi ta mkodzo, njira imatsekeka, mkodzo umabwerera m'mbuyo n'kutupitsa impso. Mankhwala a praziquantel amachiza likodzo, ndipo akamagawidwa kusukulu, lolani ana anu amwe atadya kaye. Abambo achikulire amene mkodzo ukutuluka modontha, kapena akudzuka kambirimbiri usiku, asachite manyazi kukaonana ndi dokotala, chifukwa kutsekeka kumeneko nakonso kumapweteka impso.

Mapiritsi opha ululu monga Brufen, diclofenac ndi Indocid amachepetsa magazi opita ku impso. Kuwamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana kapena mawondo n'koopsa, makamaka kwa okalamba, odwala shuga kapena BP, ndi amene akutsekula m'mimba. Mankhwala azitsamba a m'mabotolo, aja amati amatsuka m'thupi, muyeso wake sudziwika, ndipo chilichonse chili mmenemo chimakathera mu impso. Ngati mwamwa, muuzeni dokotala mosabisa, kuti adziwe poyambira. Amene muli pa ma ARV musasiye kumwa. Ingofunsani ku kiliniki yanu za kuyezetsa impso, pakuti ena mwa mankhwalawa amafuna kuti impso ziziunikidwa.

Mukaona izi, pitani kuchipatala

Kutupa zikope m'mawa kapena mapazi madzulo, moti mukadina ndi chala pamatsala kadzenje. Mkodzo wa thovu losaphwa msanga, ngati mwathiramo sopo, umene umasonyeza kuti mapuloteni akudutsa pa sefa yong'ambika. Mkodzo wa magazi, kapena wosakwana makapu awiri tsiku lonse. Kupweteka m'mbali mwa msana pamodzi ndi kutentha thupi ndi kuwotcha pokodza. Mseru wosatha, kuyabwa thupi lonse, kupuma mobanika mukagona chagada. Mwana amene watupa nkhope patapita sabata imodzi kapena zingapo atadwala zilonda zapakhosi kapena zapakhungu, nayenso aonedwe msanga.

Impso zikafooka kotheratu, chotsala ndi makina osefa magazi, a dayalisisi: maola pafupifupi 4 pa ulendo umodzi, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wonse, pokhapokha munthu atapatsidwa impso ina. Makinawa amapezeka m'zipatala zowerengeka, monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo owafuna ndi ambiri kuposa malo. Banja la kumudzi limakakamizika kusamuka kapena kugulitsa katundu kuti lipeze thiransipoti.

Pamene kuyezetsa n'kosavuta. BP amayeza pa mkono mphindi zochepa, shuga ndi kadontho ka magazi a pachala, ndipo mkodzo amauviika kapepala kamene kamasintha mtundu ngati muli mapuloteni kapena magazi. M'zipatala zokulirapo amayezanso creatinine m'magazi, amene amasonyeza mphamvu imene impso zatsala nayo. Ngati muli ndi shuga, BP kapena HIV, ngati kubanja kwanu wina anadwalapo impso, kapena mwapitirira zaka 40, yezetsani kamodzi pa chaka. Mukafika, nenani momveka kuti, "Ndabwera kudzayezetsa BP, shuga ndi mkodzo." Zotsatira zake zilembedwe m'buku lanu lakuchipatala, ndipo chaka chamawa mudzalitengenso kuti dokotala adzafananize.