Phunziro: Ntchito ya Wothandiza Mphunzitsi M'kalasi

Amayi anzathu, phunziro lathu la ulendo uno likukhudza munthu amene satchulidwa kawirikawiri tikamakamba za sukulu. Timawadziwa aphunzitsi aakulu, timawadziwa aphunzitsi, timawadziwanso a komiti ya sukulu. Koma m'makalasi ena, makamaka a ana aang'ono, mumapezeka munthu wamkulu wachiwiri amene si mphunzitsi koma amathandiza mphunzitsi. Kwina amakhala mtsikana amene analemba mayeso a Fomu 4, ndipo makolo amasonkherana kangachepe kom'patsa pakutha pa mwezi. Kwina amakhala mayi wa m'gulu la amayi la pasukulupo amene wadzipereka masiku awiri pa sabata. Ena mwa ana athu amene ali ku Britain ndiyo ntchito imene amadyera, popeza kumeneko ndi ntchito yolembedwa ndiponso ya malipiro. Pano sitikunena za aphunzitsi othandizira amene anatsiriza maphunziro ku koleji ya aphunzitsi ndipo akungodikira kuti boma liwalembe ntchito yokhazikika. Amenewo ndi aphunzitsi enieni.

Chifukwa chofunira munthu wotereyu tonse tikuchidziwa. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana asukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kuyambira pamenepo makalasi a ana aang'ono sanapepukepo kwenikweni. Cholinga cha Unduna wa Zamaphunziro n'chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma amene munasuzumirapo m'kalasi ya Sitandade 1 kumayambiriro a chaka mukudziwa kuti kupeza ana oposa 100 si zachilendo. Mphunzitsi akatembenuka kuti alembe pa bolodi, uku kwabuka ndewu yolimbirana pensulo, uku wina akulira kuti akufuna kupita kuchimbudzi, ndipo pakona pali kamwana kamene kangokhala chete chilowereni, kope lake losalembedwamo kanthu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Zimene wothandiza amachita

Ntchito yake imayamba belu lisanalire. Amasonkhanitsa zipangizo za phunziro la tsikulo: zitsekerero za mabotolo ndi timitengo towerengera masamu, makadi a malembo odulidwa ku makatoni, choko ndi mabuku. Kenaka amathandiza kukhazika ana pansi, ndipo ntchito imeneyi tisaipepuse. Mwana wovutika kumva kapena kuona ayenera kukhala kutsogolo. Mwana wachialubino akhale pafupi ndi bolodi, komanso pamthunzi ngati akuphunzirira panja, chifukwa maso ake saona patali ndipo khungu lake limapsa ndi dzuwa. Wamanzere akhale poti chigongono chake chisamagundane ndi cha mnzake, ndipo asakakamizidwe kulemba ndi dzanja lamanja.

Phunziro likayamba, malo a wothandiza si pampando kutsogolo ayi, koma pakati pa ana. Amayendayenda, amawerama, amayang'ana m'makope. Ndiye amene amaona mwana amene wagwira pensulo ngati mpini wa khasu, amene akulemba b pofuna kulemba d, ndi amene akungotsatira pakamwa pa anzake potchula ba, be, bi, bo, bu, koma mukamulozera bi payekha amangokuyang'anani. M'kalasi yaikulu ana otere amabisala bwino kwambiri. Onse akamayankha pamodzi mokweza, mphunzitsi ali kutsogolo amayesa kuti phunziro lamveka, pamene ena akhoza kufika Sitandade 3 asakutha kuwerenga dzina lawo lomwe.

Pa nthawi yopuma kapena ya phala amaonetsetsa kuti ana asamba m'manja, ndiponso kuti aang'ono asakankhidwe pamzere. Mwana wa khunyu akagwa, amamuchotsera zinthu zimene zingamupweteke, osamuika kanthu kalikonse m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha amamugoneka cham'mbali. Amauzanso ana enawo kuti asathawe, poti khunyu si matenda opatsirana. Poweruka, zonse zimene waona amakazitula kwa mphunzitsi: uyu akugona m'kalasi tsiku ndi tsiku, uyu amajomba tsiku la msika lililonse, uyu khutu lake likutuluka mafinya.

Msampha umene ambiri amagwamo

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Mphunzitsi akalandira wothandiza, ganizo loyamba limene limamufikira n'lakuti, "Ana otsalira aja ndiwapereke kwa iyeyu, ine ndipitirire ndi enawa." Limaoneka ganizo lanzeru, mwinanso lachifundo. Koma dziko la England linayenda kale njira imeneyi, ndipo zimene linapeza n'zoti tiziganizire mofatsa.

Kumeneko chiwerengero cha othandiza aphunzitsi chinachuluka katatu pakati pa 2000 ndi 2013, mpaka kupitirira 240,000. Boma litafuna kudziwa ngati ndalama zonsezo zikupindula, gulu lotsogozedwa ndi Pulofesa Peter Blatchford wa ku Institute of Education ku London linachita kafukufuku kuyambira 2003 mpaka 2009, ndipo linatsata ana oposa 8,000. Aphunzitsi anayamikira kuti ntchito yawapepukira ndipo phokoso lachepa m'kalasi. Koma zotsatira za ana zinadabwitsa anthu. Ana amene ankathandizidwa kwambiri ndi wothandiza ndi amene ankapita patsogolo pang'onopang'ono m'Chingerezi, masamu ndi sayansi, powayerekeza ndi anzawo ofanana nawo nzeru ndi mavuto amene ankathandizidwa pang'ono.

Ofufuzawo sanaloze chala othandizawo, amene ambiri anali amayi akhama ndi okonda ana. Vuto linali mmene sukulu zinkawagwiritsira ntchito. Mwana wotsalira, amene ankafunikira mphunzitsi kuposa onse, ndi amene ankathera tsiku lonse pambali ndi munthu amene sanaphunzire uphunzitsi. Pamwamba pa apo, aphunzitsi ambiri analibe nthawi yokhala pansi ndi owathandiza kuti akonzekere limodzi, kotero wothandiza ankamva phunziro koyamba pamodzi ndi anawo. Tsono pofuna kuti mwana asatsale, mtima wake unkakhala pa kumalizitsa ntchito ya m'kope, mpaka kumuuziratu mayankho. Kope linkadzaza ndi zokhoza, koma mutu wa mwana uli chomwecho. Mu 2015 bungwe la Education Endowment Foundation linatulutsa malangizo ku sukulu za ku England, ndipo mfundo yake yaikulu inali yakuti wothandiza aziwonjezera pa ntchito ya mphunzitsi, asalowe m'malo mwake, makamaka kwa ana otsalira.

Kwa ife zikutanthauza kuti nthawi zina zinthu zizitembenuka. Wothandiza ayang'anire ana 80 amene amva ndipo akulemba okha, pamene mphunzitsi wakhala pansi ndi 20 amene sanamve. Aphunzitsi ena sadzakondwa nazo, chifukwa kuphunzitsa mwana wochedwa kumva n'kotopetsa. Komatu ndiyo ntchito imene anapitira ku koleji.

Kuthandiza mwana osamuchitira

Manja a mayi ndi ofulumira. Mwana akamachedwa kumanga batani timangomumangira kuti tinyamuke. M'kalasi chizolowezi chimenechi chimaononga, ndipo wothandiza wabwino amaphunzira kudziletsa. Tiyerekeze kuti mwana wa Sitandade 2 wakakamira pa 7 + 5. Choyamba wothandiza angoima pafupi osanena kanthu, kwinaku akuwerenga chamumtima mpaka 10, chifukwa ana ambiri amayamba okha akapatsidwa mpata. Akaona kuti sakuyamba, amufunse kuti, "Aphunzitsi anati tiziyamba ndi chiyani?" Zikakanika, amukumbutse pang'ono: "Uli ndi zitsekerero apo, zingakuthandize bwanji?" Zikakanikabe, amusonyeze ndi samu ina, monga 6 + 3, akuwerenga zitsekerero pamaso pake, kenaka amubwezere ku samu yake ija. Kumuuza kuti yankho ndi 12 kubwere pamapeto penipeni, ndipo zikafika pamenepo wothandiza akauze mphunzitsi kuti mwana uyu kuphatikiza sanakumvetse. Kubisa zimenezi poopa kuti aoneka wolephera ntchito ndiko kumulakwira mwanayo.

Wina angafunse kuti, kodi ndiye kuti wothandiza asatengenso gulu la ana otsalira n'kukhala nalo pambali? Akhoza kutero ndithu, ndipo chitsanzo chabwino chikuchokera ku India, kumenenso makalasi ndi odzaza ngati kwathu kuno. M'mizinda ya Vadodara ndi Mumbai, bungwe la Pratham linkalemba atsikana a m'dera lomwelo amene anatsiriza sekondale, n'kuwaphunzitsa kwa milungu iwiri. Ankawatcha balsakhi, kutanthauza bwenzi la mwana. Aliyense ankatenga ana 15 mpaka 20 a Sitandade 3 ndi 4 amene anali asanathe kuwerenga ndi kuwonkhetsa, n'kukhala nawo maola 2 pa tsiku. Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel mu 2019, anafufuza ntchitoyi pamodzi ndi anzawo kuyambira 2001, ndipo anapeza kuti ana anapindula, makamaka amene anali kumunsi kwenikweni.

Nanga kusiyana kwake ndi ku England kuli pati? Atsikana a ku India aja sankakhala pambali pa mwana kuti amukokere pa ntchito ya m'kalasi imene yamukulira. Anali ndi ntchito imodzi yodziwika, imene anaiphunzira, yobwerera pamene mwanayo anatsalira: malembo, mawu, manambala. Nthawi yake inali yoikika, ndipo ikatha ana ankabwerera kwa mphunzitsi wawo. Choncho ngati pasukulu panu mphunzitsi wapempha wothandiza kuti atenge ana 15 pansi pa mtengo kwa mphindi 30 kuti abwereze maliwu ndi maphatikizo, ndipo wamusonyeza kachitidwe kake, zimenezo n'zabwino. Choipa n'chakuti ana omwewo azikhala pansi pa mtengowo teremu yonse, mphunzitsi osadziwa n'komwe pamene afika.

Malire ake

Wothandiza sasankha choti ana aphunzire, salemba mayeso, ndipo sagamula kuti mwana abwereze kalasi. Akaona kuti mphunzitsi walakwitsa pa bolodi, amunong'oneze kapena adikire ana atuluke, osamutsutsa pamaso pawo. Samenya mwana. Undunawu umaletsa aphunzitsi kumenya ana kusukulu, nanji munthu wongothandiza. Ngati m'kalasimo muli mwana wake kapena wa mchemwali wake, asamale, poti ana amaona tsankho msanga kuposa akuluakulu.

Nkhani ya chinsinsi ndiyo tikufuna tiikhalire pang'ono, chifukwa wothandiza amachokera m'mudzi momwemo ndipo madzulo amakatunga madzi ndi amayi a anawo. M'kalasi adzadziwa zambiri: amene akumwa ma ARV, amene amadzikodzera, amene wabwera osadya kuyambira dzulo. Zimenezi si zokakamba pachitsime kapena kuchigayo, ngakhale kwa amuna ake. Mwana amene chinsinsi chake chamveka m'mudzi akhoza kusiyiratu sukulu, ndipo makolo ena adzayamba kubisa matenda a ana awo, zimene zingaike moyo wa anawo pangozi.

Koma pali chinsinsi chimodzi chimene sayenera kusunga. Mwana akamuululira kuti wina akumuchita zachipongwe kapena kumuzunza, kaya ndi kunyumba kaya ndi kusukulu komweko, amumvetsere modekha, asamupanikize ndi mafunso, ndipo asamulonjeze kuti sauza munthu. Amuuze kuti, "Wachita bwino kundiuza. Ndikauza anthu amene angakuthandize." Tsiku lomwelo akanene kwa mphunzitsi wamkulu. Ngati wotchulidwayo ndi wa pasukulu pomwepo ndipo nkhani ikuoneka kuti ikwiriridwa, apite kwa wogwira ntchito yoteteza ana m'deralo, ku polisi, kapena aimbe nambala yaulere ya 116. Dziko lathu lili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, ndipo nkhani zotere si zokathera pabwalo la mfumu ndi mbuzi yachindapusa.

Nayenso wothandiza ali ndi zomuyenera. Si wantchito wa mphunzitsi woti azitumidwa kukagula tomato kapena kukalera mwana kunyumba ya aphunzitsi nthawi ya sukulu. Asamasiyiridwe kalasi tsiku lonse chifukwa mphunzitsi wapita ku boma. Tikukumbuka mmene zinalili pambuyo pa 1994, pamene anthu zikwizikwi osaphunzira uphunzitsi anapatsidwa choko atangophunzitsidwa milungu yochepa, ndipo panatenga zaka kuti aphunzitsidwe mokwanira. Tisabwereze zimenezo pasukulu pathu mwakachetechete.

N'chifukwa chake gulu lathu likafuna kupereka munthu woti azithandiza m'kalasi, asangoyamba kupita. Atsogoleri akakhale pansi ndi mphunzitsi wamkulu, a komiti ya sukulu ndi mphunzitsi wa kalasiyo. Agwirizane masiku ndi maola ake, ndani amene azimuyang'anira, ndiponso ngati pali kangachepe, ndi zingati, zichokera kuti, ndipo azilandira tsiku liti. Atsikana ambiri amasiya ntchitoyi pakati pa teremu chifukwa cholonjezedwa pakamwa chabe. Ndipo pa zonse zimene mupemphe kwa mphunzitsi wa kalasiyo, musaiwale mphindi 10 za m'mawa uliwonse ana asanalowe, zoti amuuze wothandiza kuti lero tiphunzira chakuti, ana awa muwayang'ane, ndipo akakakamira muwafunse funso ili.