Phunziro: Umbava wa pamadzi, kuyambira ku nyanja yamchere mpaka pa Shire

Wina angafunse kuti achifwamba a pa nyanja yamchere akutikhudza bwanji ife a ku Chikwawa ndi Nsanje. Taonani thumba la feteleza limene mwasunga m'nyumbamo. Linabwera pa sitima, nkutsikira pa doko ngati Beira kapena Nacala. Njira ya sitima ikayamba kuopsa, eni ake amalipira inshuwalansi yokwera, ndipo mtengowo umadzathera pa mlimi.

Kumapeto kwa chaka cha 2010, achifwamba a ku Somalia analanda sitima ya asodzi yotchedwa Vega 5 m'madzi a Mozambique, nkumaigwiritsa ntchito posaka sitima zina. Anakailanditsa ndi asilikali a pamadzi a ku India mu Malichi 2011, koma ena mwa asodziwo sanapezeke. Anali anthu ongofuna chakudya cha ana awo ngati ife tomwe. Chaka chomwecho South Africa inayamba kulondera nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, pa ntchito yotchedwa Operation Copper, ndipo mu 2012 inasainirana pangano ndi Mozambique komanso Tanzania. Dziko limodzi silikanatha, poti wakuba amangowoloka malire.

Kwathu kuno nkhani ndi yomweyo, kungoti ndi ya mabwato. Kuyambira pa Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, kutsika kummwera, mtsinjewu ndiwo malire athu ndi Mozambique. Bwato kapena ukonde ukabedwa usiku, pokacha uli kale tsidya lina, kumene wapolisi wathu alibe mphamvu. Apa zimene zimathandiza ndi kudziwana kwa mafumu ndi apolisi a mbali zonse ziwiri. Choncho lembani chizindikiro pa bwato lanu chimene a komiti ya pa doko akuchidziwa, ndipo mukaberedwa kanene tsiku lomwelo, osadikira sabata ithe. Ukonde wotchipa modabwitsa, wogulitsidwa ndi munthu wosadziwika, musaugule.

Pali umbava wina umene sitikonda kuutchula, chifukwa ochita ake ndife tomwe: kukokola ndi neti yogonera. Neti imeneyi simasiya kanthu, imatenga ndi tiana ta mphende ndi mlamba tomwe. Dambo la Elephant Marsh linalowa m'kaundula wa pangano la Ramsar mu 2017, koma pangano sililondera madzi usiku. Lamulo la za usodzi la 1997 linapereka mwayi woti asodzi eni ake azisamala nawo nsomba, ndipo makomiti a pa doko alipo pa ntchito imeneyi. Kodi komiti ya pa doko lanu inakumana liti komaliza?