Yadi: Chiyambi cha Liuli ndi Ntchito Yake Kumunda

Alangizi a lero anaphunzira kuyeza ndi mamita, koma alimi ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe akali kuwerenga minda yao m'maekala. Ekala inakhazikika pa yadi, motero liuli silinachoke pa ntchito yathu.

M'Chingerezi "yard" ndi mau awiri amene anangofanana kalembedwe. Loyamba linachokera ku liu lakale lakuti "geard", malo otchingidwa ndi mpanda, ndipo ndi lapachibale ndi "garden". Ndilo tinabwereka ponena kuti uje amakhala kumayadi. Lachiwiri linachokera ku "gierd", kutanthauza ndodo yowongoka. Muyeso unangotenga dzina la ndodo yoyezera.

Vuto la ndodo n'lakuti yense amadula yake. Pali nthano yakuti Mfumu Henry I ya ku England, imene inalamulira kuyambira 1100 mpaka 1135, inagamula kuti yadi ikhale kutalika kwa mkono wake; ndi nthano yokoma, koma sitingaidalire. Pambuyo pake anasula yadi yachitsulo yoti ena onse azionerapo, nayonso inaonongeka pamene nyumba ya malamulo ya ku London inapsa mu 1834. Mu 1959 maiko asanu ndi limodzi, pakati pao Britain, United States ndi South Africa, anagwirizana kuti yadi ndi mamita 0.9144 ndendende.

Ekala inali mzere wa munda wa mayadi 220 m'litali ndi 22 m'lifupi, umene ng'ombe zinkatha kulima pa tsiku. Tikachulukitsa tipeza 4,840. Apa ndi pamene panachokera mwambo wakuti ekala ndi 70 uku, 70 uku, pakuti 70 kuchulukitsa ndi 70 ndi 4,900. Mwambowu ndi wabwino malinga tikuwerenga mayadi. Koma mlangizi akatambasula tepi ya mamita n'kuyeza 70 mbali zonse, wadula malo a masikweya mita 4,900, pafupifupi theka la hekitala, pamene ekala ndi 4,047 basi. Mundawo wakula ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Thumba la feteleza loyenera ekala likamwazika pamenepo, phando lililonse limaperewedwa pafupifupi gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi, ndipo zokolola za munda wachionetsero zikawerengedwa pa ekala zimaoneka zambiri kuposa mmene zilili. Ofufuzafe timalandira nambala zotere osadziwa.

Ngakhale mizere ya masentimita 90, imene inalimbikitsidwa zaka zambiri ku Malawi, ndi yadi yomweyo yodulidwa pang'ono, pakuti yadi ndi masentimita 91.44.

Anzathu a ku Mozambique analowa m'njira ina, popeza Portugal inavomereza mamita mu 1852. Chotero mlangizi wa ku Angónia ndi wa ku Dedza angatchule nambala imodzi koma akunena minda yosiyana. Polemba malipoti odutsa malire, tchulani muyeso pambali pa nambala iliyonse, ndipo onetsani ngati munayeza ndi tepi kapena munangoponda mapazi.