Msilikali Wopuma Ntchito Akamaopa Gulu la Anthu

Asilikali athu akhala akupita ku Congo kukasungitsa mtendere pansi pa bungwe la United Nations. Kumeneko munthu amaphunzira kukhala tcheru usana ndi usiku, ndipo zimenezi zimapulumutsa moyo. Koma wina akapuma ntchito n'kubwerera kumudzi, mtima sukhazikika. Pamsika, pamaliro kapena kutchalitchi mtima umagunda, thukuta kamukamu, mawu n'kumanjenjemera. Amaona ngati aliyense akumuyang'ana ndipo amuseka. Kenaka amangodzitsekera m'nyumba. Anthu amati wayamba matama, pomwe mnzathuyo akudwala.

Kuthawa anthu kumapepuza mtima kwa tsiku limodzi, koma mawa mantha amakula, chifukwa munthuyo sanaone kuti chomwe amaopacho sichikadachitika.

Chithandizo chodziwika bwino chimatchedwa CBT. Anachiyambitsa ndi Aaron Beck, dokotala wa ku America, m'zaka za m'ma 1960. Sichilira jakisoni. Wodwala amakumana ndi mlangizi kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu kapena inayi.

Awiriwa amalemba zinthu zomwe wodwalayo amaopa, kuyambira chaching'ono. Choyamba chingakhale kupereka moni kwa munthu woyandikana naye nyumba. Kenaka kukagula tomato n'kunenerera mtengo. Chomaliza, kuyankhula pabwalo la mfumu. Asanapite, mlangizi amafunsa kuti, "Bambo, mukuganiza kuti kukachitika chiyani?" Iye amati, "Akandiseka." Akabwerako amafunsidwanso kuti, "Anaseka ndi angati?" Nthawi zambiri palibe ndi mmodzi yemwe.

Chovuta kwambiri ndi kusiya tinjira todzitetezera: kukhala pafupi ndi chitseko, kuzolika, kapena kuyamba wamwa mowa kuti alimbe mtima. Akapanda kusiya, amaganiza kuti chamupulumutsa ndi mowawo. Amaphunziranso kumvetsera zomwe anzake akunena m'malo momvetsera kugunda kwa mtima wake. Mantha amakwera, koma akapirira osachokapo, amatsika okha. Apa msilikali ali ndi mwayi, chifukwa amadziwa kale kuti perete saphunzira tsiku limodzi.

Wofuna thandizo ayambire kuchipatala cha m'boma lake. Akatswiri a matenda a maganizo aliponso ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu. Inu apabanja, musamangomupitira kumsika pomumvera chisoni. Muperekezeni, koma ndalama apereke yekha kwa wogulitsa.