Phunziro la Mwezi Uno: Ntchito Yolondera Mitsempha pa Nthawi ya Opaleshoni

Amayi, mwana wamkazi akakhoza bwino Biology ndi Physics, ambirife timadziwa njira ziwiri zokha zomulozera: unamwino kapena udokotala. Akapanda kupeza malo kumeneko timayesa kuti khomo la chipatala lamutsekekera. Komatu m'chipatala chachikulu muli ntchito zina zimene sitiziona chifukwa eni ake amagwirira kuseri kwa chitseko. Mwezi uno tiphunzira imodzi mwa izo, ndi momwe munthu amayambira kuiphunzira. Pa Chingerezi amaitcha intraoperative neuromonitoring, mwachidule IONM. Ife tingoti kulondera mitsempha pa nthawi ya opaleshoni.

Tiyambe tamvana pa mawu. M'Chichewa timati mitsempha ponena njira za magazi, timatinso mitsempha ponena tizingwe timene timanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo. M'phunziroli tikunena yachiwiriyi. Waukulu mwa yonse umadutsa m'kati mwa mafupa a msana. Ukavulala, munthu atha kufa ziwalo kuyambira pomwe wavulalapo kutsika m'munsi, ndipo kawirikawiri sabwereramo.

Tsono taganizirani dokotala amene akuwongola msana wopindika wa mtsikana wa zaka 14. Akulowetsa zitsulo m'mafupa, pafupi penipeni ndi mtsempha uja. Wodwalayo ali m'tulo ta mankhwala, sangafuule kuti mwendo wachita dzanzi. Mu 1973 madokotala a ku Lyon, ku France, pamodzi ndi Pierre Stagnara, anafotokoza njira yomudzutsa wodwala pang'ono opaleshoni ili m'kati, n'kumuuza kuti agwedeze zala zakumapazi. Zikagwedera, ankamugonetsanso n'kupitiriza. Njirayi inathandiza ambiri, koma imangoonetsa za mphindi imeneyo basi. Ngati mtsempha unapanikizika ola lapitalo, mwadziwa mochedwa.

Masiku ano pali munthu amene amakhala pakona ya chipinda cha opaleshoni ndi kompyuta. Wodwala akagona, munthuyu amabaya tisingano ting'onoting'ono tokhala ndi timawaya pa khungu la kumutu, m'manja ndi m'miyendo. Amatumiza kamphamvu kochepa ka magetsi pa kakolo, n'kudikira kuti uthengawo ufike ku ubongo. Ulendowu umatenga pafupifupi magawo 40 a sekondi imodzi yogawidwa ka 1,000. Kuchokera pa dzanja ndi magawo 20. Amatumizanso uthenga kuchokera kumutu kuti aone ngati minofu ya kumiyendo ikuyankha. Zonsezi zimaoneka pa sikirini ngati timizere tokwera ndi kutsika. Kamzere kakafupika ndi theka, kapena uthenga ukachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye kuti pali chofunika kufufuza msanga.

Si msana wokha. Inu a kwaya mumvetse apa: pochotsa chithokomiro chotupa, mpeni umadutsa pafupi ndi kamtsempha kamene kamayendetsa mawu. Kakavulala, mayi amadzuka ndi mawu osasa. Kameneka nakonso amakalondera, monganso mtsempha woyendetsa nkhope pa opaleshoni ya khutu kapena ya chotupa cha mu ubongo.

Miyezi yoyamba ya wophunzira

Amene akuyamba ntchitoyi asayembekezere ulemerero. Amafika m'bandakucha, dokotala asanafike, kudzayesa makina ndi kuyala mawaya kuti asakole anthu miyendo. Amaphunzira kuyeza mutu wa wodwala ndi tepi kuti singano iliyonse ikhale pamalo pake. Amaloweza mayina a minofu ndi mitsempha yake. Amalemba chilichonse chochitika ndi nthawi yake: dokotala wayamba kucheka, chitsulo choyamba chalowa, magazi atsika. Pomaliza amazula singano zonse n'kuziwerenga, ndipo chifukwa cha singanozi ayenera kulandira katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B asanayambe. Opaleshoni ya msana imatha kutenga maola asanu ndi limodzi kapena kuposa, iye maso ali pa sikirini, foni ili m'chikwama. Kwa miyezi yambiri sakhala yekha. Pambali pake pamakhala womuphunzitsa.

Chovuta kwambiri kuchiphunzira ndi kusiyanitsa ngozi yeniyeni ndi yonama. Mauthengawa ndi ofooka zedi, amayezedwa m'magawo a volt imodzi yogawidwa ka miliyoni, pomwe batire la tochi lili ndi volt imodzi ndi theka. Choncho chilichonse chimawasokoneza. Waya ukasomphoka, mzere umasowa. Wodwala akazizidwa kapena magazi akatsika, mzere umafupika. Mpweya wogonetsa ukachuluka umafooketsa mauthenga, ndipo mankhwala olefula minofu amathetseratu kuyankha kwa miyendo. N'chifukwa chake wolondera ayenera kugwirizana ndi wogonetsa odwala opaleshoni isanayambe. Nthawi zambiri amasankha mankhwala odzera m'dripi monga propofol. Mzere ukasintha, wophunzira ali ndi mphindi zochepa zoti aone waya, afunse wogonetsa ngati wasintha mankhwala, ayang'ane kuthamanga kwa magazi. Zonse zikakhala bwino koma mzere osabwerera, yakwana nthawi yoyankhula.

Kuyankhula pamaso pa akuluakulu

Apa ndi pamene phunziroli likukukhudzani inuyo monga makolo. M'chipindamo wamng'ono pa onse ndi wophunzirayo, mwina mtsikana wa zaka 24. Wamkulu ndi dokotala amene wachita opaleshoni zaka 20, watopa, manja ali m'thupi la munthu. Mtsikanayo ayenera kukweza mawu, osanong'ona, n'kunena kuti, "Adokotala, uthenga wa mwendo wakumanzere watsika kupitirira theka kuyambira pamene munamanga chitsulo chija, mawaya ndaona, ali bwino." Akatero dokotala atha kumasula chitsulocho, wogonetsa n'kukweza kuthamanga kwa magazi, ndipo nthawi zambiri uthenga umabwerera mtsempha usanawonongeke. Akachita manyazi n'kumati ndidikire kaye mwina zisintha, mwana wa mwini atha kudzuka osadzayendanso.

Kukuwa pachabe nakonso n'kolakwika. Wolondera woimitsa opaleshoni kawirikawiri popanda chifukwa amatalikitsa nthawi imene wodwala ali m'tulo, ndipo tsiku la ngozi yeniyeni dokotala samumveranso. Mu 1995 Marc Nuwer ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa maopaleshoni owongola msana oposa 50,000. Anapeza kuti kumene olondera anali ozolowera ntchito, odwala ovulala mitsempha sanafike n'theka lomwe poyerekeza ndi kumene olondera anali achilendo. Makina akhoza kufanana. Chosiyanitsa ndi munthu wokhala pa makinawo.

Tsono tidzifunse momwe timalerera ana athu aakazi. Timawaphunzitsa kugwada, kuyang'ana pansi, kusayankha akulu akamayankhula. Ulemu ndi wabwino, ndipo dokotala aliyense amafuna wantchito waulemu. Koma m'makomo ambiri tasakaniza ulemu ndi mantha, moti mtsikana akaona kuti wamkulu walakwitsa amangoti chete kuopa kutchedwa wamwano. Mtsikana wotere ngakhale atakhoza mayeso onse, ntchito iyi siingamuyenere. Mwana wanu akakuuzani kuti, "Amayi, mwawonkhetsa molakwika ndalama za banki m'khonde," musamudzudzule pa gulu. Werenganinso naye limodzi. Ngati wanena zoona, muyamikeni; ngati walakwitsa, muonetseni pomwe wasokonezera. Ngati vuto ndi kayankhulidwe, konzani kayankhulidweko, koma osamutseka pakamwa. Kulimba mtima kumene adzakufune m'chipinda cha opaleshoni kumayambira pa zinthu zazing'ono ngati zimenezi.

Amaphunzira kuti?

Ntchitoyi yakhazikika kwambiri ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa, ndipo enanu muli ndi ana kapena adzukulu kumeneko. Ku South Africa munthu amachita digiri ya zaka 4 ya Clinical Technology, monga ku Durban University of Technology, Tshwane University of Technology kapena Central University of Technology ku Bloemfontein, n'kusankha nthambi ya neurophysiology. Akamaliza amalembetsa ku bungwe la HPCSA. Ku Britain kuli maphunziro a zaka 3 a NHS otchedwa Scientist Training Programme. Wophunzira amalandira malipiro, koma olimbirana malo ndi ambiri, ndipo amafunika kukhala kale ndi digiri ya sayansi. Ku America ambiri amalembedwa ntchito ndi makampani amene amawaphunzitsa akugwira, kenaka amalemba mayeso a CNIM a bungwe la ABRET. Wa digiri yoyamba amayenera kuonetsa kuti walondera maopaleshoni 150 asanaloledwe kulemba.

Kwathu kuno maopaleshoni a ubongo ndi msana amachitika ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komanso ku chipatala cha LION chimene chinatsegulidwa mu 2023 pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Makina a EEG, oyeza mauthenga a magetsi a mu ubongo, agwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri ku Queen Elizabeth pa ana odwala malungo a mu ubongo, ndipo ndi omwewo amene amathandiza kuzindikira khunyu. Ambiri mwa olondera mitsempha anayambira pa EEG yomweyi. Kwa mwana wa pano, sitepe yoyamba ndi kukhoza bwino Biology, Physics, Chemistry, Masamu ndi Chingerezi pa MSCE, kenaka digiri ya zaumoyo kapena ya sayansi, monga ku Kamuzu University of Health Sciences. Physics musaipeputse, pakuti theka la ntchitoyi ndi kumvetsa magetsi.

Chenjezo limodzi. Pa intaneti pali otsatsa masatifiketi a milungu yochepa. Kuphunzira pa kompyuta kungathandize kuloweza mayina a mitsempha, koma palibe amene amadziwa ntchitoyi asanakhale m'chipinda cha opaleshoni pambali pa womuphunzitsa. Musanagulitse mbuzi kapena kutenga ngongole, funsani kuti mwanayo akaphunzirira m'chipatala chiti, adzamuyang'anira ndani, ndipo ndi bungwe liti la boma limene lidzamulembetse akamaliza. Akalephera kuyankha momveka, ndalamazo zisungeni.

Pa msonkhano wanu wotsatira, werengani atsikana a m'parishi mwanu amene ali Fomu 2, chifukwa akafika Fomu 3 ndi pamene amasankha maphunziro, ndipo ambiri amathawa Physics pongomvera anzawo. Kenaka tumani amayi awiri akapemphe wogonetsa odwala wa pa chipatala chapafupi kuti adzacheze ndi atsikanawo Loweruka lina, adzawafotokozere anthu onse amene amakhala m'chipinda cha opaleshoni ndi zimene aliyense anaphunzira.