Kodi loya wa milandu ya malonda amathandizanso osauka?

Funso: Mwana wanga akufuna kudzakhala loya wa milandu ya malonda. Kodi sadzangotumikira mabanki, n'kutiiwala ife osauka? — Mayi wa ku Chinsapo

Yankho: Mayi, mtima pansi. N'zoona kuti ntchito yake yambiri idzakhala ku Commercial Division ya High Court, yomwe inayamba mu 2007 ndipo ilinso ku Lilongwe kuno. Kumeneko n'kwa ngongole zosabwezedwa, mapangano ophwanyidwa, ndi nyumba zachikole zomwe banki ikufuna kugulitsa. Koma lamulo limafuna kuti maloya aziyimirako milandu ina mwaulere, ndipo a Legal Aid Bureau amawatumizira anthu osowa ndalama, monga wamasiye wolandidwa puloti ku Mgona. Pakadali pano mwanayo alimbikire Chingerezi, chifukwa malo ophunzirira zamalamulo ku University of Malawi ku Zomba anthu amawalimbirana kwambiri.